Kuyang'anira nyenyezi zofiira kuno kuchigwa: zolemba za Seputembala mpaka Malichi

Kumapeto kwa Seputembala

Sukulu zatsegulira, ndipo gulu lathu layambanso kukumana pabwalo la mpira dzuwa likangolowa. Tilipo aphunzitsi awiri a sayansi, ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 amene kwawo n'kufupi, ndi bambo wina wokonza mawailesi ndi mafoni pamsika, amene chaka chino avomera kutitsogolera pa mbali ya mafunde a wailesi. Zida ndi zomwe zija: mabainokulasi a 10x50, katelesikopu kobwereka, matchati osindikiza ochokera ku AAVSO (bungwe la ku America losonkhanitsa ziyezo za nyenyezi zosinthasintha kuwala), ndi matochi okutidwa ndi pepala lofiira kuti asatithobwe m'maso.

Mndandanda wa nyenyezi sitinausinthe: Mira, R Hydrae, R Centauri, R Carinae, R Leonis ndi Chi Cygni, zonse nyenyezi zofiira zimene kuwala kwake kumakwera n'kutsika, ndipo ntchito yathu ndi kuyeza kuwalako. Ana amafuna tiwonjezepo Betelgeuse chifukwa anamva za kuzirala kwake kwa 2019 ndi 2020. Ndawapempha kuti tidikire kaye. Betelgeuse ndi ya mtundu wina, yolemera kwambiri kuposa zathuzi, ndipo oiyang'anira ndi ambirimbiri padziko lonse. Koma R Centauri ndi R Carinae zili kummwera kwenikweni, kumene anthu ambiri a ku Ulaya ndi ku North America sangazione n'komwe. Ife tili pafupifupi madigiri 16 kummwera kwa equator, choncho zimatikwerera bwino ndithu. Ngati pali malo amene maso athu akufunika, ndi pamenepo. Bola nyenyezi zochepa zoziyendera sabata ndi sabata kusiyana ndi zambiri zongozisuzumira tikakumbuka.

R Hydrae tikuitsanzika. Imangooneka kanthawi kumadzulo kusanade bwinobwino, ndipo mwezi wamawa dzuwa lidzakhala chakufupi nayo. Chi Cygni ili kumpoto, pamwamba pa mlambe wa kuseri kwa zimbudzi za anyamata.

Okutobala

Kwatentha. Masana madigiri akupitirira 40, ndipo usiku nthaka ikubwezabe moto mpaka cha m'ma 10 koloko. Vuto lalikulu si kutenthako koma utsi. Anthu akutentha tchire ndi zinyalala za m'minda pokonzekera dzinja, minda ya nzimbe nayo ikuotchedwa, ndipo utsi wonsewo ukaphatikizana ndi fumbi umangokhazikika m'chigwa muno, phiri la Thyolo osaoneka n'komwe. Kumwamba kulibe mtambo, koma nyenyezi za m'munsi zonse zafufutika.

Mira ikutuluka madzulo tsopano, ndipo pakati pa usiku ikumakhala pafupifupi pamutu penipeni. Koma ili m'nyengo yake yozirala. Mtsikana wina wa Fomu 3, amene wangolowa kumene m'gululi, anakhala nthawi yaitali mabainokulasi ali kumaso, tchati chili pamwendo, akubwereza njira yochokera pa nyenyezi yowala ija ya Menkar, kutsetsereka kudutsa ziwiri zotsatira mpaka pamalo pamene Mira iyenera kukhala. Kenako anati, "Aphunzitsi, malo ndawapeza koma palibepo. Ndilembe chiyani?"

Ndinamufunsa nyenyezi yozirala kwambiri imene amaiona pafupi pomwepo. Analoza pa tchati imene palembedwa 80, kutanthauza magnitude 8.0 (muyezo wa kuwala: nambala ikamakula, nyenyezi ndi yozirala), poti pa matchatiwa saika kadontho kuopa kuti kangaoneke ngati nyenyezi. Ndiye analemba kuti Mira ndi yozirala kuposa 8.0, nalembanso tsiku, nthawi, chida chimene anagwiritsa ntchito, ndi mawu akuti "utsi". Chimenechonso ndi chiyezo chenicheni, ndipo AAVSO imalandira. Munthu wodzajambula gilafu m'tsogolo adzadziwa kuti usiku umenewo nyenyeziyi sinali pamwamba pa mzere umenewo.

Funso lake lachiwiri linali lakuti nyenyezi yaikulu chonchija ingasowe bwanji. Ikanaikidwa pamalo pa dzuwa, dziko lathu likanakhala m'kati mwake. Mira ndi nyenyezi yokalamba imene haidrojeni ndi hiliyamu wa pakatikati pake anatha, n'kutupa koopsa. Kunja kwake kumatentha madigiri osapitirira 3,000 pamene dzuwa limafika 5,500, n'chifukwa chake ndi yofiira. Imafufuma n'kuphwa, kufufuma n'kuphwa, ulendo umodzi masiku pafupifupi 332. Ikazizirako pang'ono, titaniyamu ndi okosijeni zimagwirana mumpweya wake wakunja n'kupanga titanium oxide, ndipo ameneyu amatchinga kuwala kumene maso athu amaona. Mphamvu yambiri imatulukabe, koma ngati infrared, kuwala kosaoneka ndi maso. Choncho maso amaona kuti yazirala kupitirira ka 100, pamene mphamvu yake yonse yangotsika kawiri kapena katatu. David Fabricius atayiona mu 1596 kenako n'kuisowa, sakanatha kudziwa zimenezi. Panapita zaka zoposa 40 kuti Holwarda azindikire kuti imabwerera pa nthawi yake.

Novembala

Tafananiza makope a aliyense ndipo tapeza kuti pa R Leonis, imene tikuidzukira mbandakucha, ziyezo za usiku umodzi zikusiyana ndi theka la magnitude kapena kupitirira. Chifukwa chake n'chodziwika. Diso likayang'anitsitsa nyenyezi yofiira nthawi yaitali, imaoneka ngati ikuwalirawalira, pamene yoyera imene ukuifananiza nayo siisintha. Amene amafuna kutsimikiza kwambiri ndi amene amapeza nambala yowala mopitirira. Tagwirizana kuti tizingoponya diso mwachangu, kuchotsa, kuponyanso. Nyenyezi ikakhala yowala bwino, tizisokoneza pang'ono focus ya mabainokulasi kuti zonse zikhale timabwalo tofuwirira, poti kufiirako kumachepa mphamvu. Mwezi ukawala, zofiira zimaonekanso zowala kuposa momwe zilili, choncho tizilemba m'kope kuti kunali mwezi.

Lamulo lina ndi lakuti wina asatchule nambala yake mokweza ena asanalembe. Ana akamva ya mphunzitsi, maso awo amayamba kuona yomweyo.

Mnyamata wina anadandaula kuti ngati tikusiyana chonchi, ndiye kuti ntchito yathu ndi yongopeka. Sindikuona choncho. Nyenyezi imene imasintha ndi magnitude 6 kapena 7 siisokonekera chifukwa cha kusiyana kwa theka, makamaka ziyezo za anthu ambiri zikaphatikizidwa. Chimene chimawononga gilafu ndi mpata, miyezi imene palibe anayang'ana. AAVSO inayamba mu 1911, ndipo zambiri zimene inasonkhanitsa m'zaka zake zoyambirira ndi za maso a anthu wamba. Danie Overbeek wa ku South Africa anatumiza ziyezo zoposa 250,000 pa moyo wake. Iye asanabadwe kunali Alexander Roberts, mphunzitsi wa ku Lovedale, sukulu yomwe ija kunachokera William Koyi amene anabwera kuno mu 1876. Roberts masana ankaphunzitsa, usiku n'kumayeza nyenyezi za kummwera. Zimenezi ndimakonda kuwauza ana chifukwa ntchitoyi inayamba kale kugwiridwa ndi aphunzitsi kuno ku Africa.

Mvula yoyamba yagwa ndipo yatsuka utsi wonse. Usiku wotsatira Mlalang'amba unaoneka mbee, ndipo Mira inapezeka m'katelesikopu, kadontho kofiira kozirala. Udzudzu nawo wabwera ndi mvula yomweyo. Aliyense azibwera atavala malaya a manja aatali ndi sokosi.

Disembala

Dishi yokolera mafunde a wailesi ochokera kumwamba yapezeka. Ndi ya setilaiti yakalekale, ya waya wa sefa, pafupifupi mamita atatu m'mimba mwake, imene inangotayidwa kuseri kwa nyumba ina. Tinaitenga pa ngolo ya ng'ombe. Bambo okonza mawailesi aja aiwongola ndi nyundo yamtengo, ndipo aigoneka chagada pa matayala akale kuti iziyang'ana kumwamba molunjika. Pakati, pamene mafunde amakumana, aikapo chitini chachikulu cha masentimita pafupifupi 15 kukamwa kwake. Anachiboola m'mbali n'kulowetsa kawaya ka kopa kotalika masentimita asanu, koongoka bwino, n'kukawotcherera ndi mtovu. Kuchokera pamenepo pali kachipangizo kokweza mphamvu ya mafunde, nthambo, ndi ka RTL-SDR, kachipangizo kolandira mafunde a wailesi kolowetsa pa laputopu.

Ali pa ntchitoyo anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, nyenyezi zanu zofiirazo tidzazimva ndi imeneyi?"

Ndinawayankha kuti, "Chaka chino ayi, bambo. Tiyambe ndi haidrojeni."

Apa ndifotokoze bwino, chifukwa anthu ena akumva ngati tatsala pang'ono kuchita zimene amachita ku HartRAO, malo oyezera mafunde a kumwamba a ku Hartebeesthoek ku South Africa. Nyenyezi zimenezi zikamafufuma ndi kuphwa zimataya mpweya ndi fumbi, ndipo zotayidwazo zimaizungulira nyenyezi m'magawo, zikuthawa pa liwiro la makilomita 10 mpaka 20 pa sekondi. M'magawo amenewa muli mamolekyu amene amatulutsa mafunde a wailesi amphamvu modabwitsa pa nambala imodzi yokha, ndipo zimenezi ndi zimene amati maser. Pafupi penipeni ndi nyenyezi pamakhala ya silicon monoxide, pa 43 GHz ndi 86 GHz. Patsogolo pake pali ya nthunzi ya madzi, pa 22 GHz. Kutali kwambiri kuli ya OH (okosijeni wogwirana ndi haidrojeni), pa 1612, 1665 ndi 1667 MHz. Zonsezi zinatulukiridwa pakati pa 1965 ndi 1974.

Ma maser amenewa nawo amakwera n'kutsika potsata nyenyezi yawo, koma mochedwerapo. Ya madzi kawirikawiri imafika pachimake patapita milungu kapena miyezi kuwala kooneka ndi maso kutafika kale pachimake. Ife a kuchigwa kuchedwa kotereku timakudziwa. Mvula imagwa ku Mulanje ndi ku Thyolo kuno kuli ng'amba, Ruo n'kudzaza pambuyo pake, madzi n'kudzafika ku Chiromo ndi ku Makhanga patapita nthawi. Woyeza madzi kumunsi kuno sangadziwe kuti atenga nthawi yaitali bwanji panjira ngati kumtunda kunalibe wolemba tsiku limene mvula inagwa. Gilafu ya kuwala ndiyo imasunga tsiku limenelo. Akatswiri a ku Pushchino ku Russia akhala akuyeza ma maser a madzi kuyambira m'ma 1980 ndi dishi ya mamita 22, enanso ku Medicina ku Italy ndi ya mamita 32 ndi ku Effelsberg ku Germany ndi ya mamita 100. Akafuna kudziwa kuti maser yachedwa bwanji, amaika ziyezo zawo pambali pa gilafu ya kuwala, ndipo nthawi zambiri gilafuyo imachokera kwa oyeza ndi maso, monga a AAVSO. Apa ndi pamene mabainokulasi athu amakumana ndi madishi awo.

Ya OH pa 1612 MHz ili ndi chinthu china chimene chimandisangalatsa kwambiri. Imaoneka ndi nsonga ziwiri, ina yochokera ku mbali ya chigoba cha mpweya imene ikubwera kwa ife, ina ku mbali yakuseri imene ikuthawa. Nyenyezi ikawala, mbali zonse ziwiri zimayankha nthawi imodzi, koma mafunde a kuseri amayenera kudutsa chigoba chonsecho asanayambe ulendo wofanana ndi anzawo, ndiye amafika mochedwa ndi masiku kapena milungu. Ukayeza kuchedwako, wadziwa kukula kwa chigobacho m'makilomita. Ukayezanso kukula kwake monga chimaonekera kumwamba, wapeza mtunda wa nyenyeziyo. Koma zina mwa nyenyezi zoterezi zimatenga masiku oposa 1,000 pa ulendo umodzi, ndiye kuti upeze kuchedwa kwa milungu yochepa uyenera kuyeza zaka zambiri osadumphitsa.

Dishi yathu siingafike pamenepo. Ya ku Hartebeesthoek ndi ya mamita 26, ndiye kuti imakolola mafunde pafupifupi ka 75 kuposa yathu. Za 22 GHz n'zosayamba n'komwe: mafunde ake ndi afupiafupi, sentimita imodzi ndi pang'ono, ofuna dishi yosalala bwino, komanso nthunzi ya mumlengalenga mwathu imawameza. Chigwa chino ndi malo otsika kwambiri m'Malawi muno, ndipo nthawi ya dzinja mpweya wake umangokhala madzi okhaokha.

Januwale

Mitambo. Sabata yathunthu imatha osaona nyenyezi, ndipo ino ndi nthawi imene Mira yayamba kukwera. Imakwera msanga kuposa momwe imatsikira, choncho sabata iliyonse yotayika ndi yowawa.

Tasintha kachitidwe. Zokumana tsiku loikika tasiya. Aliyense amene ali ndi mabainokulasi kunyumba azisuzumira kunja asanagone, ndipo akaona pang'ambika mtambo ayeze pomwepo. Mnzanga wophunzitsa fizikisi anapita kwawo ku Ngabu, mwana wina ali kwa azakhali ake ku Bangula, ndipo taona kuti mitambo siitseka chigwa chonse nthawi imodzi. Kuno kukatseka, kwina kumatseguka. Timadziwitsana pa WhatsApp. Alonda a pasukulu nawonso alowa m'ntchitoyi mwakufuna kwawo. Amagogoda pawindo n'kunena kuti, "Aphunzitsi, kwayera uku," ndipo ziyezo zingapo za mwezi uno zapezeka chifukwa cha iwo. Mpata wa mphindi khumi umakwana ngati malo a nyenyezi uli kuwadziwa pamtima, ndipo apa ndi pamene kubwereza kwa mu Okutobala kuja kwatithandiza.

Zolemba tikuzisunga patatu: m'kope, pa chithunzi cha pafoni, ndi ku AAVSO netiweki ikangopezeka. Amene tinaona madzi a namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa zimene madzi amachita ndi mapepala. Makope onse ali mu ndowa ya pulasitiki yotseka, pamwamba pa kabati. Potumiza tizikumbuka kuchotsa maola awiri pa nthawi yathu kuti ikhale ya UT, nthawi imene oyeza a dziko lonse amagwiritsa ntchito, ndipo chiyezo cha pakati pa 12 koloko ndi 2 koloko usiku chimagwera pa deti ladzulo lake.

R Hydrae yabwerera, ikuoneka mbandakucha kummwera kwa Spica.

Febuluwale

Haidrojeni tamupeza. Dishi ili chagada osasuntha, dziko likamazungulira Mlalang'amba umadutsa pamwamba pake kawiri pa tsiku, cha m'ma 9 koloko usiku ndi cha m'ma 8 m'mawa. Pa nthawi ziwiri zimenezo, pa 1420 MHz, pamene haidrojeni amatulutsira mafunde ake, pakutuluka kachitunda pa mzere wa pa laputopu. Ka m'mawa n'kokulirapo ndi kotambalala, poti kumeneko tikuyang'ana chakufupi ndi pakati pa Mlalang'amba. Ana anaima mozungulira laputopu dzuwa lili phwee, mitambo ikudutsa, kachitundako kali pomwepo.

Bambo aja sanafulumire kukondwa. Anati mwina ndi nsanja ya mafoni kapena inveta ya sola. Ndiye tinayang'ana nthawi imene kachitundako kamafika pachimake tsiku ndi tsiku, ndipo kakufulumira ndi mphindi zinayi tsiku lililonse, monga zimachitira nyenyezi. Cha padziko pano sichingatsate nthawi imeneyo. Atatsimikiza anangoti, "Basi, n'zakumwambadi," n'kupita kukatsegula shopu yawo.

Zovuta zilipo ziwiri. Kachipangizo kokweza mphamvu kakatenthedwa ndi dzuwa, mzere wonse umasuntha, choncho akakutira ndi kabokosi koyera ndipo ka RTL-SDR takaika m'nyumba pamthunzi. Chachiwiri, tinayesa kusuzumira cha ku 1612 MHz kuti tione momwe kulili, ndipo kuli phokoso la masetilaiti mbali zonse ziwiri, a GLONASS m'munsi ndi a Iridium m'mwamba. Ngakhale malo akuluakulu oyezera amalimbana nalo phokoso limeneli. Ena m'gulu akufuna kuti tisonkhe ndalama za chitini china ndi sefa ya mafunde ya 1612. Maganizo anga ndi akuti ndalama zimenezo zigule mabainokulasi ena awiri. Dishi ipitirize ndi haidrojeni chaka chonse kuti ana aphunzire kuyeza mafunde mosamala ndi kuwerenga magilafu a ma maser amene akatswiri amasindikiza. Mwezi wa Januwale watisonyeza kuti chimene chikutisowa ndi maso ambiri omwazikana m'chigwa. Nkhaniyi sitinamalize kukambirana.

Malichi

Mira ikuoneka ndi maso okha, kumadzulo kukangoyamba kuda, yofiirira. Mtsikana amene analemba "yozirala kuposa 8.0" uja ndi amene akujambula gilafu ya pakhoma la labu, ndipo mzere wake wakwera kuchoka pansi mpaka pamwamba popanda mpata wopitirira milungu iwiri, dzinja lonse lija. Tikuithamangira tsopano, chifukwa pofika mu Epulo ilowa m'kuwala kwa dzuwa mpaka cha mu Juni, pamene idzatulukire mbandakucha. Popeza ulendo wake ndi wofupika ndi mwezi umodzi poyerekeza ndi chaka, chimake chake chaka chamawa chidzabwera mwezi umodzi msanga, ikadali pamwamba bwino. Komanso sifika pamodzimodzi ulendo uliwonse: zaka zina imafika magnitude 2, zaka zina imalekeza cha pa 4 kapena 5.

Maso athu tsopano atembenukira ku R Hydrae, imene ikutuluka madzulo. Cha m'ma 1700 ulendo wake unkatenga masiku pafupifupi 500. Unapitirira kufupika mpaka kufika cha pa 385 m'ma 1950, kenako n'kukhazikika kwa zaka zambiri. Akatswiri ena amati ndi chifukwa cha hiliyamu amene anayaka mwadzidzidzi m'kati mwake, ena amafotokoza mwina, koma onsewo akutsutsana pa ziyezo za anthu amene ambiri a iwo anamwalira asanadziwe kuti ulendowo ukufupika. R Centauri nayo ikufupikitsa wake, kuchoka cha pa masiku 550 kutsikira cha ku 500, ndipo imafika pachimake kawiri pa ulendo umodzi. Ili pakati pa Alpha ndi Beta Centauri, chakufupi ndi Beta, pamalo pothithikana nyenyezi, moti ana atsopano amatenga masabata kuti aizolowere.

Masiku 500 ndi ochuluka kuposa chaka cha sukulu. Mwana wolowa m'gululi ali Fomu 3 amaona ulendo umodzi wa R Centauri ndi kachidutswa, basi walemba MSCE wapita. A Fomu 4 ayamba kale kuchepetsa kubwera chifukwa cha mayeso, ndipo m'pomveka. Choncho tatsegula khomo kwa a Fomu 2, ndipo wa Fomu 4 aliyense watenga mmodzi woti amusiyire nyenyezi yake pamodzi ndi tchati chake, chija chodzaza ndi mizere ya pensulo yosonyeza njira. Makolo awiri apempha kuti atsikana aziperekezedwa pobwerera, ndipo amayi ena a m'komiti ya sukulu avomera kumabwera Lachisanu lililonse. Sabata yamawa atsopanowa ayamba ndi R Carinae, poti ili pamwamba bwino madzulo ndipo ili ndi nyenyezi zofananizira zosavuta kupeza. Matchati awo ndikasindikiza Lolemba ku Nchalo.